Mkangano wa ubatizo ku Carthage ndi zimene ukutiphunzitsa



Tiyambe ndi nkhani imene ambiri a ife taionapo ndi maso athu. Mwana wobadwira ku Katete kapena ku Petauke, wobatizidwa mu mpingo wa makolo ake, wapita ku Lusaka kukafuna ntchito. Kumeneko wapeza mpingo wina umene wamulandira bwino, koma wauzidwa kuti ubatizo wake woyamba sunali ubatizo ayi, ndipo ayenera kulowanso m'madzi. Wabwera kumudzi pa Khirisimasi, wafotokoza zonse mokondwa. Amayi ake amvetsera mpaka kumapeto, kenaka afunsa motsitsa mawu kuti: "Nanga mwanangu, ife amene tinakunyamula tsiku lija, zaka zonsezi sitinali Akhristu kodi?" Nkhani yayamba ndi madzi, koma posachedwa yafika pa Mzimu Woyera: ali naye ndani, alibe ndani. Aliyense watsegula Baibulo, aliyense wapeza vesi lomuikira kumbuyo, ndipo nsima ya madzulo amenewo yadyedwa popanda wolankhula.

Funso limeneli silinayambe ndi ife. Linavutitsa mpingo zaka zoposa 1,700 zapitazo, kuno ku Africa komwe, mumzinda wa Carthage, umene mabwinja ake ali pafupi ndi Tunis m'dziko la Tunisia. Lero tipite kumeneko tikaone mmene makolo athu m'chikhulupiriro anakanganira, ndi chimene chinawasunga pamodzi ngakhale sanamvane.

Tisanafike pa mkanganowo, tione kaye mmene Akhristu oyambirira ankabatizira. Pali kabuku kakale kwambiri kotchedwa Didache, ndiko kunena kuti chiphunzitso, kamene kanalembedwa chapafupi ndi chaka cha 100. Kanasowa kwa zaka mazana ambiri, mpaka mtsogoleri wina wa mpingo wa Orthodox, Philotheos Bryennios, anakapeza mu 1873 pakati pa mabuku akale ku Constantinople, mzinda umene lero timautcha Istanbul. Kabukuka kamalangiza kuti munthu aphunzitsidwe kaye, asale kudya tsiku limodzi kapena awiri pamodzi ndi womubatiza, ndipo abatizidwe m'madzi oyenda potchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Koma sikathera pomwepo. Ngati madzi oyenda palibe, ena aliwonse agwire ntchito. Ngati ozizira sangatheke, ofunda ali bwino. Ngati madzi ali ochepa ndithu, awathire pamutu katatu. Ife amene timadziwa mmene mitsinje imaphwera mwezi wa Okutobala tikumvetsa nzeru imeneyi. Anthuwa anali ndi njira imene ankaikonda koposa, koma sanatsekere munthu kunja chifukwa cha kuchepa kwa madzi.

Chapafupi ndi chaka cha 150, Justin, mphunzitsi wa ku Roma amene pambuyo pake anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, anafotokozera mfumu ya Aroma mmene ubatizo unkachitikira. Iye anati Akhristu ankatcha kusambitsidwa kumeneku kuti kuunikiridwa, popeza wobatizidwayo ankatsegulidwa maganizo kuti amvetse za Mulungu. Tisunge mawu amenewa, chifukwa akuonetsa kuti kuyambira kale ubatizo ndi kumvetsa Malemba zinkayendera limodzi.

Patapita zaka pafupifupi 50, Tertullian wa ku Carthage analemba buku lonse lokamba za ubatizo, loyamba mwa mabuku otere amene tikali nawo. Iye anayerekeza Akhristu ndi tinsomba tobadwira m'madzi, timene sitingakhale ndi moyo tikachotsedwamo. Anafotokoza kuti munthu akatuluka m'madzi ankadzozedwa mafuta, kenaka ankasanjikidwa manja pomupempherera Mzimu Woyera. Anatinso madzi a m'nyanja, a padziwe, a mumtsinje kapena a pakasupe sasiyana, ndipo wobatizidwa mu Yordano saposa wobatizidwa mumtsinje wa Tiber ku Roma. Pa nkhani ya ana aang'ono, Tertullian ankaona kuti n'kwabwino kudikira kuti akule. Koma zaka pafupifupi 50 pambuyo pake, mabishopu 66 atasonkhana mumzinda womwewo anagamula kuti khanda lisadikire ngakhale tsiku lachisanu ndi chitatu. Tikuona kuti ngakhale pakati pa Akhristu a mzinda umodzi, owerenga Malemba amodzimodzi, maganizo ankasiyana.

Mkangano waukulu unabadwa m'chizunzo. M'chaka cha 250 mfumu Decius inalamula kuti aliyense mu ufumu wa Aroma apereke nsembe kwa milungu ndi kulandira kalata yochitira umboni. Akhristu ena anakana ndipo anamangidwa kapena kuphedwa. Ambiri anagonja: ena anaperekadi nsembe, ena anagula makalatawo ndi ndalama. Chizunzo chitatha, ogonja aja anayamba kugogoda pakhomo la mpingo ndi misozi. Mabishopu ambiri anati alandiridwe akalapa. Koma wansembe wina wa ku Roma, Novatian, anakana, ndipo mu 251 anayamba gulu lake la okhwimitsa malamulo, limene linafalikira mpaka ku Africa. Gululi linkakhulupirira Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera monga ena onse, ndipo linkabatiza anthu ake. Patapita nthawi, ena obatizidwa kumeneko anafuna kulowa mu mpingo waukulu. Apa ndi pamene funso la mwana wathu wa ku Katete linafunsidwa: abatizidwenso kodi?

Bishopu wa ku Carthage pa nthawiyo anali Cyprian, munthu wophunzira ndi wachuma amene anatembenuka mtima ali wamkulu kale, nagawira osauka gawo lalikulu la chuma chake. Yankho lake linali lakuti inde, abatizidwe. Anatsamira pa zimene Paulo analembera Aefeso za thupi limodzi, Mzimu mmodzi ndi ubatizo umodzi. Iye anati Mzimu Woyera amakhala mu mpingo umodziwo, ndipo amene wachokamo alibe Mzimu. Tsono munthu angapereke bwanji chimene alibe? Kwa Cyprian uku sikunali kubatiza kachiwiri, koma koyamba, popeza zoyambazo anaziona ngati kusamba wamba. Sanali yekha pa maganizo amenewa. Tertullian ankaganiza chimodzimodzi, ndipo msonkhano wina wa mabishopu a ku Africa, wotsogozedwa ndi Agrippinus, unali utagamula kale motero.

Bishopu wa ku Roma, Stephen, amene analowa pa udindo mu 254, anatsutsa. Iye anati mwambo umene analandira kwa makolo ndi wakuti munthu wobatizidwa m'dzina la Khristu asabatizidwenso, koma asanjikidwe manja ndi kulandiridwa. Mphamvu ya ubatizo anaiona m'dzina limene latchulidwa, osati mwa munthu wothira madziyo.

Mbali zonse ziwiri zinathamangira ku buku la Machitidwe a Atumwi. A mbali ya Cyprian analoza mutu 19, pamene Paulo anapeza ophunzira ku Efeso amene analandira ubatizo wa Yohane wokha, ndipo anabatizidwa m'dzina la Ambuye Yesu. A mbali inayo analoza mutu 8, pamene Asamariya obatizidwa ndi Filipo sanabatizidwenso, koma Petro ndi Yohane anangowasanjika manja ndipo analandira Mzimu. Cyprian anayankha kuti Filipo anali wa mu mpingo, choncho nkhaniyo si yofanana. Ife tikawerenga modekha tipezanso mutu 10, pamene Mzimu anatsikira Korneliyo ndi a m'nyumba mwake madzi asanawakhudze n'komwe, mpaka Petro anachita kudabwa. Ku Samariya madzi anatsogola, Mzimu anabwera patapita masiku. Kwa Korneliyo Mzimu anatsogola, madzi anatsatira. Ku Efeso zonse zinachitika pa nthawi imodzi. Luka analemba nkhani zitatuzi osayesa kuzifananitsa. Ambuye mwini anali atauza kale Nikodemo kuti ntchito ya Mzimu ili ngati mphepo, imene timaimva koma sitingailamule.

Mkangano unakula. Mabishopu a ku Africa anakumana mu 255 ndi kumayambiriro kwa 256, ndipo anaima ndi Cyprian. Stephen anaopseza kuti adula chiyanjano ndi mipingo yobatizanso anthu. Firmilian, bishopu wa ku Caesarea m'dera la Cappadocia, analemba kuti nthumwi za ku Africa zitafika ku Roma, Stephen anakana kuonana nazo, naletsanso Akhristu kuzipatsa malo ogona. Kalata ya Firmilian nayonso inali yaukali kwambiri. Cyprian mwiniwake analembapo mawu owawa onena za Stephen. Tisawayese angelo anthu amenewa; anali ndi mitima ngati yathu.

Komabe pa 1 Sepitembala 256 panachitika chinthu chimene mpingo sunaiwale. Ku Carthage kunachitika msonkhano umene unasonkhanitsa maganizo a mabishopu 87, ansembe ndi anthu wamba akumvetsera. Potsegula msonkhanowo Cyprian anapempha kuti aliyense anene maganizo ake momasuka, koma pasakhale woweruza mnzake kapena kumuchotsa pa chiyanjano chifukwa choganiza mosiyana. Anakumbutsanso kuti palibe mmodzi wa iwo amene anaikidwa kukhala bishopu wa mabishopu anzake, ndi kuti onse akudikira chiweruzo cha Khristu. Onse anavomereza maganizo ake pa ubatizo, koma sanatemberere mpingo wa ku Roma.

M'makalata ake a nthawi yomweyi timapezamo muzu wa mtima umenewu. Cyprian ankakonda kukumbutsa za tsiku limene Paulo anadzudzula Petro ku Antiokeya, monga timawerengera mu Agalatiya 2. Iye anati Petro sanadzikweze kuti ndiye anaitanidwa poyamba, kapena kunyoza Paulo kuti anali wozunza mpingo, koma analandira uphungu woona. Anatchulanso malangizo a Paulo kwa Akorinto akuti wina akaululiridwa kanthu, amene amalankhulayo ayambe wakhala chete. Ndipo anati bishopu sayenera kuphunzitsa kokha, ayeneranso kuphunzira, chifukwa amene amaphunzira tsiku ndi tsiku ndiye amaphunzitsa bwino. Atafunsidwa za odwala amene anabatizidwa pa mphasa pongowathira madzi, anayankha kuti ndi Akhristu enieni, popeza Mzimu saperekedwa ndi muyeso.

Awiriwa sanakhalenso pansi kuti amalize nkhani yawo. Stephen anamwalira mu Ogasiti 257. Chaka chomwecho mfumu Valerian inayambitsa chizunzo china, ndipo Cyprian anathamangitsidwira ku Curubis. Pa 14 Sepitembala 258 anadulidwa mutu pafupi ndi Carthage, Akhristu ake akuona. Mipingo ya ku Roma ndi ku Carthage inapitiriza kuyanjana, ndipo mpaka lero dzina la Cyprian limatchulidwa mwaulemu m'mapemphero a mpingo wa ku Roma. Mu 314 msonkhano wa mabishopu ku Arles, m'dziko limene lero ndi France, unagamula kuti wobatizidwa m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera asabatizidwenso, koma asanjikidwe manja. Pa mfundo imeneyi maganizo a Stephen ndiwo anapambana.

Nkhani ikanathera pamenepa, koma bala lija linatukusiranso. Pa chizunzo cha mfumu Diocletian, chimene chinayamba mu 303, atsogoleri ena anapereka mabuku opatulika kwa asilikali kuti awotchedwe. Chizunzo chitatha, gulu lina ku Africa linakana bishopu watsopano wa ku Carthage, Caecilian, ponena kuti mmodzi wa omudzoza anali mwa opereka mabuku aja. Gululi, limene linadziwika ndi dzina la mtsogoleri wake Donatus, linati mpingo wonse woyanjana ndi Caecilian wadetsedwa ndipo ubatizo wake ndi wachabe. Linayamba kubatizanso aliyense wobwera kwa ilo, likunena kuti likutsata Cyprian. Kwa zaka zoposa 100, mizinda ndi midzi yambiri ya kumpoto kwa Africa inali ndi matchalitchi awiri ndi mabishopu awiri, ndipo mabanja anagawikana.

Amene anayankha gululi mwakuya anali Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba ku Algeria. Chapafupi ndi chaka cha 400 analemba buku la magawo 7 lokamba za ubatizo. Ntchito yake inali yovuta, chifukwa anayenera kutsutsa Cyprian, munthu amene Akhristu onse a ku Africa ankamulemekeza monga wofera chikhulupiriro.

Pa ubatizo weniweniwo, Augustine anatsamira pa umboni wa Yohane Mbatizi wakuti Yesu ndiye wobatiza ndi Mzimu Woyera. Anaphunzitsa kuti kaya wothira madzi ndi Petro, kaya ndi Paulo, ngakhale atakhala Yudasi, wobatiza weniweni ndi Khristu. Zikanakhala kuti ubatizo umadalira chiyero cha mtumiki, ndani wa ife akanagona tulo? Tikanakhala tikufufuza moyo wa mbusa amene anatibatiza, ndipo tikamva kuti anagwa m'tchimo, tikanathamangiranso kumtsinje. Koma Augustine anachenjezanso kuti munthu angathe kukhala ndi ubatizo woona koma osapindula nawo, ngati alibe chikondi. Kwa iye chizindikiro chachikulu cha Mzimu chinali chikondi chimene Paulo anati chimathiridwa m'mitima yathu, ndipo wodana ndi abale ake sangadzitame kuti ali nacho.

Pa za Cyprian, Augustine ananena mosabisa kuti analakwitsa. Anati Malemba Oyera okha ndiwo sangakonzedwe, koma makalata a mabishopu angathe kukonzedwa ndi wina wanzeru kapena ndi misonkhano, ndipo ngakhale misonkhano yoyamba imakonzedwa ndi yapambuyo pamene chobisika chaululika. Kenaka anawafunsa a Donatus kuti: ngati mumakondadi Cyprian, bwanji mwatola cholakwa chake n'kusiya chabwino chake? Iye anaganiza molakwa koma sanachoke, ndipo sanathamangitse woganiza mosiyana. Augustine anaona kuti kudzichepetsa ndi chikondi cha Cyprian zinaphimba kulakwitsa kwakeko.

Augustine ankadziwa bwino zimene kunyada kumachita kwa wowerenga Baibulo. Iye mwini anaulula kuti ali mnyamata anatsegula Malemba n'kuwanyoza, poona kuti kalembedwe kake sikafika pa ka Cicero, katswiri wa Chilatini. Pambuyo pake anazindikira kuti khomo la Malemba ndi lalifupi, lofuna munthu wowerama, ndipo iye khosi lake linali louma. Anabatizidwa ndi Ambrose ku Milan pa Pasaka wa 387, ali ndi zaka 32. Atakhala kale bishopu wotchuka, anavomereza m'kalata ina kuti zimene sadziwa m'Malemba ndi zambiri kuposa zimene amadziwa. Wophunzira wina dzina lake Dioscorus atamufunsa mafunso a nzeru zakuya, anamuyankha kuti pa njira yopita ku choonadi, choyamba, chachiwiri ndi chachitatu chomwe ndi kudzichepetsa. Ndipo zaka zochepa asanamwalire mu 430, anakhala pansi n'kuwerenganso mabuku ake 93, akulemba malo amene ananena mosayenera kapena amene anasintha maganizo. Ndi aphunzitsi angati lero amene angachite zotere ndi maulaliki awo?

Koma choonadi chitikakamiza kunenanso ichi: Augustine yemweyo pambuyo pake anavomereza kuti boma ligwiritse ntchito malamulo ndi zilango pokakamiza a Donatus kubwerera. Pamenepa wophunzitsa kudzichepetsa uja anatsegula khomo limene mibadwo yapambuyo inalowapo ndi nkhanza zambiri. Nayenso afunika kuwerengedwa monga iye anawerengera Cyprian: kulandira chabwino, kukana cholakwa, ndi kuika Malemba pamwamba.

Nanga ife titolepo chiyani, okondedwa? Sitikunena kuti chiphunzitso chilibe ntchito, kapena kuti aliyense azingokhulupirira zimene wafuna. Cyprian, Stephen ndi Augustine onse ankaona ubatizo ngati nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo mmodzi wa iwo anapereka khosi lake chifukwa cha Ambuye wa ubatizowo. Mipingo yathu lero ikali yosiyana pa za msinkhu wa wobatizidwa ndi kuchuluka kwa madzi, ndipo aliyense ayenera kufunsa abusa kapena ansembe ake kuti amvetse chifukwa chimene mpingo wake umachitira zimene umachita. Koma mbiri imeneyi ikutionetsa kuti munthu woyera, wodziwa Malemba, wokhala ndi mabishopu ambirimbiri kumbuyo kwake, angathe kulakwitsa. Ikutionetsanso kuti wina angathe kukhala ndi yankho labwino koma n'kumana abale ake malo ogona. Ngati zinatero kwa iwo, ife ndife yani kuti titseke Baibulo n'kunena kuti tamaliza? Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Buku la Machitidwe lomwe lija likutipatsa zitsanzo za owerenga abwino. Nduna ya ku Itiyopiya, munthu wosunga chuma cha mfumukazi, sinachite manyazi kuvomereza kuti sikumvetsa Yesaya, ndipo inakweza pa galeta lake mlendo woyenda pansi kuti aiphunzitse. Tsiku lomwelo inabatizidwa. Apolo anali wodziwa kulankhula ndi wamphamvu m'Malemba, koma ankadziwa ubatizo wa Yohane wokha; Prisila ndi Akula, anthu osoka mahema, anamutengera pambali n'kumufotokozera bwino, ndipo iye anamvera. Taonani kuti sanamuchititse manyazi pagulu. Pamafunika kudzichepetsa kwa wophunzira, pamafunikanso kudzichepetsa kwa wowongolera mnzake.

Tibwerere tsono ku banja lija la kumudzi. Kwa mwana amene wapeza moto watsopano wa chikhulupiriro tikuti: thokoza Mulungu, koma usanyoze manja amene anakunyamula ndi milomo imene inakuphunzitsa pemphero loyamba. Usafulumire kunena kuti amayi ako alibe Mzimu. Yang'ana zipatso zimene Paulo anatchula mu Agalatiya 5, chikondi, kuleza mtima, chifatso, ndipo mwina udzapeza kuti unakulira pansi pa mtengo wobala. Kwa makolo tikuti: musamuyese wotayika mwana amene akufunafuna Khristu, ngakhale njira yake ikukupwetekani. Mufunseni zimene wawerenga, nanunso mumuonetse zimene munaphunzira. Tsegulani Machitidwe 8, 10 ndi 19 pamodzi, muwerenge mitu yonse itatu, osati umene ukukomerani wokha. Mwina simudzamvana tsiku lomwelo, monga Cyprian ndi Stephen sanamvane. Koma musachotsane pa mphasa ya banja, ndipo musaleke kupemphererana.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuyamikani chifukwa cha madzi a ubatizo ndi mphatso ya Mzimu wanu, imene sitinaigule ndipo sitingailamule. Tikhululukireni pamene tasandutsa Mawu anu chikwapu chokwapulira abale athu. Tipatseni mtima wowerama potsegula Malemba, makutu omva uphungu ngakhale wochokera kwa wamng'ono, ndi kulimba mtima kovomereza tikalakwitsa. Lumikizani mabanja amene agawikana chifukwa cha dzina lanu. Tikupempha mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.